Ramu yoti kompyuta ikuliremo

Lachinayi, mkati mwa tchuthi cha Ogasiti.

Lero ndadzuka mtima uli m'mwamba, ngati mmene ndimamvera tsiku lokalandira zotsatira za mayeso. Sikuti ndadwala. Fungo la mawaya opserera ndilo landikakamira m'mphuno kuyambira dzulo, ndipo wopsereza mawayawo ndine.

Achimwene anga a Damiano ali ndi kashopu pa Namitete, moyandikana ndi ometa tsitsi, momwe anthu amatchajitsa mafoni ndi kusewera gemu ya mpira pakompyuta. Kompyutayo anaigula kwa munthu, atagulitsa soya wawo yense ndi njinga yomwe. Kwa anyamata a kabaza, kompyuta imeneyi ndi bwalo la mpira. Kwa ine ndi sukulu yachiwiri. Kusukulu kwathu timaphunzira za makompyuta, koma makina ndi ochepa, ife ndife ambiri, ndipo gawo langa nthawi zambiri limakhala kusuzumira paphewa la mnzanga. Choncho achimwene anandilonjeza kuti tchuthi chino, m'mawa uliwonse makasitomala asanabwere, ndiziphunzirapo pokonzekera mayeso a fomu 4. Itati ife, palibenso ina yomwe ndingaigwire ndi manja anga.

Vuto linali lakuti gemu yatsopano yomwe anaikamo inkadodoma. Wosewera wa m'gemumo akati amenye mpira ankauma mwendo uli m'mwamba, ndipo akamadzatsitsimuka ankapeza anzake amumwetsa kale chigoli. Anyamata a kabaza anayamba kudandaula, ena n'kusiya kubwera. Mnzawo wina wa achimwene anawauza kuti ramu yachepa, awonjezere ina pampata wachiwiri wa m'kati mwa kompyutamo, womwe unali wopanda kanthu.

Nditamva mawu oti ramu ndinakhala tsonga. Ndinawafotokozera achimwene, m'Chingerezi choloweza pamtima, kuti ramu ndi pomwe kompyuta imasunga zinthu kwa kanthawi ikamagwira ntchito. (Funso limeneli ndinalikhoza pamayeso a teremu yatha, aphunzitsi mpaka anandilembera mawu oyamikira ndi inki yofiira. Ndatchula izi kuti zidziwike komwe kunachokera kudzikhulupirira kwanga.) Popeza ine ndi amayi tinali ndi ulendo wa ku tauni wokagula nsalu za ukwati wa msuweni wanga, achimwene anati ndikawagulire ramuyo.

Iwo anafuna kuzula yakaleyo kuti ndinyamule ngati sampulo, monga amachitira anthu pokagula sipeya wa njinga. Ine ndinakana. Ndinati si nzeru kuimitsa gemu tsiku lonse pomwe pali njira yapafupi. Kwathu mwana sapita nawo kogula nsapato. Amayi amamuyeza phazi ndi kachingwe, n'kumanga mfundo pomwe pathera chala chachikulu, ndipo kachingweko ndiko kamakwera minibasi. Ndinatsegula bokosi la kompyuta, ndinayeza ramu kuchokera uku kufika uko, ndinamanga mfundo yanga bwinobwino. Achimwene anandiyang'ana kwa kanthawi, kenaka anati wophunzira ndine, iwo anangolekeza fomu 2.

Ku tauni tinalowa m'kashopu kodzaza mawaya ndi makompyuta otsegula mimba. Mnyamata wogulitsa anali pafoni, ndipo anandifunsa maso ali pafoni pomwepo ngati ndikufuna ya nambala 3 kapena ya nambala 4. Apa ndinazizidwa pang'ono. M'kope langa la kusukulu ramu inalibe manambala. Koma sindinafune kuoneka wosadziwa pamaso pa amayi, choncho ndinapempha kuti ndione zonse ziwiri. Ndinatulutsa kachingwe kanga. Ya nambala 3 inafika pamfundo. Ya nambala 4 inafikanso pamfundo, ndendende. Mtima unakhala pansi.

Amayi, atakumbatira mtolo wa nsalu, anandinong'oneza kufunsa kusiyana kwake. Ndinawauza kuti ya nambala 4 iyenera kukhala yatsopano ndi yamphamvu kuposa inzake.

"Nanga ukuganizanso chiyani?" anatero amayi. "Tenga yokulirapoyo. Ikuliramo."

Mawu amenewa ndinaleredwa nawo. Yunifolomu yanga ya fomu 1 inkafika m'akakolo, ndipo ndinaikuliramo. Nsapato zanga za ukonfirimasio tinazifutsa thonje kumapeto, ndipo ndinazikuliramo. Ndinawonjezeraponso nzeru zanga za kusukulu: mwana wa fomu 4 atamukhazika m'kalasi ya fomu 3, angalephere chiyani? Wogulitsa uja anafunsa ngati ndatsimikiza, n'kunenanso kuti katundu akatuluka sabwerera. Ndinamuyankha kuti zimenezi ndimaphunzira kusukulu. Anakulunga ramuyo m'kapepala, nabwerera pafoni pake.

Dzulo m'mawa achimwene anapita kumaliro ku Nsaru. Anandisiyira kiyi kuti ndizipereka mafoni kwa eni ake, ndipo ananena momveka bwino kuti ramu idikire iwo. Ndinavomera. Koma kapepala kaja kanali pashelefu, ine ndinali ndekha, ndipo ndinayamba kuona m'maganizo nkhope ya achimwene atabwera n'kupeza mpira ukuthamanga ngati wa pa kanema. Ndinkafuna kuti tsiku limodzi lokha akhale ondithokoza ndi iwo.

Ndinazimitsa kompyuta, ndinatsegula bokosi, ndinalozetsa ramu pampata wake. Inakana. Ndinaitembenuza. Inakananso. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti m'munsi mwake, pomwe pali timano tagolide, pali kampata ngati ka mwana wogweluka dzino, ndipo mu mpata wa kompyuta muli kachitunda koyenera kulowa pakampatako. Pa ramu yakale ziwirizi zinkakumana. Pa yatsopano zinkaphonyana pang'ono chabe, osakwana n'komwe chikhadabo.

Munthu wanzeru akanaima pomwepo. Koma m'nyumba mwathu chinthu chikachokera ku tauni sichibwerera. Diresi likakula amapinda. Chitseko chikakana amapala. Khasu likakana kulowa mu mpini, abambo amaliwotcha pamoto n'kulikhomera mpaka limve. Sindinaonepo chinthu chitakana mpaka mapeto. Choncho ndinatseka shopu, ndinathamangira kunyumba, ndinapisa dzanja m'thumba momwe abambo amasunga zonolera makasu, n'kutulutsamo tupa.

Ndinagwira ntchito yaukhondo, zimenezo zokha ndidziyamikire. Ndinalemba chizindikiro ndi pensulo. Ndinapala pang'onopang'ono, ndikuuzira kafumbi kobiriwira. Timano tingapo tagolide tinapita nawo, koma otsala anali ambiri, ndipo ndinadziuza kuti agogo aamuna amatafuna chimanga chokazinga ndi mano ochepa kuposa amenewo. Nditaikanikiza, ramu inalowa, timapini ta m'mbali n'kutseka tokha. Sindinamvepo kukoma kotere chiyambire.

Pakhomo panali patafika kale a Gervazio, mkulu wa kabaza wokonda kuseka anthu, ndi anzawo awiri. Ndinawauza kuti akonzeke, lero aona mpira weniweni. Ndinadina batani. Fani yoziziritsa ya m'bokosimo inazungulira, inaima, inazunguliranso. Kenaka kunamveka kaphokoso ngati nyerere yaphulika pamoto, ndipo kautsi kowonda kanatuluka m'bokosimo mosafulumira, ngati kakudziwa komwe kakupita. Ndinazula pulagi kukhoma.

Nthawi yomweyo magetsi anathima pamsika ponse. (Amathima kawirikawiri, ndipo ndikukhulupirira kuti zinangokumana. Ndikukhulupirira.) Wailesi ya m'golosale inaduka pakati pa nyimbo. Ometa tsitsi anatuluka panja, kasitomala wawo akuwatsatira mutu utametedwa mbali imodzi.

"Asisi, ife timati mukukonza kompyuta," anatero a Gervazio atatsamira chitseko. "Kani mumazimitsa Namitete yense?"

Pofika masana dzina langa linali litasintha. Aliyense wodutsa ankafunsa ngati ainjiniya alipo.

Achimwene anabwera dzuwa litapendeka, fumbi lili mbuu m'miyendo. Fungo linawauza nkhani ine ndisanatsegule pakamwa. Anazula ramu ija, naiyang'ana nthawi yaitali, akuitembenuza uku ndi uku. Anafunsa chomwe ndinapalira. Ndinati tupa.

"Ngati khasu, eti?"

Ndinavomera ndi mutu. Ndinkadikira kuti akalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Iwo anangoika ramuyo m'thumba la malaya, nati popeza magetsi kulibe, sitingadziwe ngati kompyuta yafa kapena yangokomoka. Anatseka shopu. Tinayenda ulendo wonse wa kunyumba iwo patsogolo, ine pambuyo. Ndinkayang'ana nsapato zawo zong'ambika kuchidendene, n'kumakumbukira kuti munthuyu anali ndi njinga.

Kunyumba amayi atamva, sanavomere kuti uphungu wawo unali wolakwika. Anati ana onse m'nyumba muno anakulira m'zinthu zazikulu ndipo palibe anatuluka utsi. Abambo anangofunsa chifukwa chomwe zonolera zawo zasanduka zobiriwira.

Ndiye lero m'mawa tinapita limodzi kushopu, ndipo magetsi anabwera dzuwa litakwera. Achimwene anasiya ramu yakale yokha pamalo pake. Asanadine batani anachita chizindikiro cha mtanda, ine ndinali nditayamba kale Tikuoneni Maria chamumtima. Fani inazungulira. Sikirini inakhala yakuda nthawi yaitali moti ndinayamba kuganiza za mmene ndidzalembere mayeso ndi zala zomwe zangozolowera phewa la mnzanga. Kenaka inawala.

Kompyuta ili moyo. Osewera akuumabe mwendo uli m'mwamba monga kale, koma akuuma ali moyo. Chomwe chafa ndi mpata wachiwiri uja: wada bii, ndipo sudzalandiranso kanthu. Tsopano kuti gemu ithamange, pafunika ramu imodzi ya nambala 3 yokhala ndi malo ambiri, yolowa m'malo mwa yakaleyo. Titaunika ndi tochi ya foni tinapeza kuti nambala 3 yo inalembedwa pabolodi la m'kati mwa kompyuta pomwepo, pambali pa mpata, m'timalemba toyera. Tsiku lija ndinayeza ndi kachingwe, chala changa chinali pamwamba pake.

Ndakhala ndikuganiza za kampata kaja tsiku lonse. Amene anapanga ramu anadziwa kuti kudzabwera munthu wofulumira ngati ine, ndipo anaika kampatako kuti kandiuze kuti ayi. Sikanali cholakwika choti ndikonze. Ine ndinamva ayi ameneyo bwinobwino, n'kupita kukatenga tupa. Sindikunyoza njira ya kwathu, chifukwa kupinda ndi kupala ndi kufutsa thonje ndiko kwandifikitsa fomu 4. Kungoti sindinkadziwa kuti pali zinthu zina zomwe sizikuliramo, ndipo zikakana zimakhala zikunena zoona.

Madzulo ano potseka, achimwene anatulutsa ramu yopalidwa ija m'thumba. Anapempha kachingwe kanga koyezera, anakakoleka pakampata komwe ndinapala ine, nakulunga n'kumangirirapo kiyi wa shopu. Anati kiyi ameneyu wakhala akusowasowa, tsopano wapeza chogwirira chodula kuposa cha wina aliyense pa Namitete. Kenaka anandipatsa m'manja. Ndinawafunsa ngati akutanthauza kuti ndizibwerabe.

"Mayeso ako sanapse," anatero. "Uzitsegula, uzisesa, uziphunzira. Koma ukamva mumtima kuti ukufuna kundithandiza, uyambe wandiimbira foni."

Anawonjezera kuti ramu ina ikadzapezeka, wokagula ndidzakhala ine ndemwe, nditanyamula yakaleyo m'kansalu, ndipo amayi adzadikire panja.

(Ndisabise: pansi penipeni pa mtima pali kamawu komwe kakunenabe kuti ndikanapala chakumanzere pang'ono, mwina zikanatheka. Kamawu kameneko sindikukayankha.)

Mawa ndidzuka m'mamawa. Ndiyamba ndatsuka zonolera za abambo n'kuzibweza m'thumba mwawo. Kenaka ndikatsegula shopu, ndikapirira moni wa a Gervazio, ndipo ndisanayatse chilichonse ndikatsegula bokosi lija n'kuwerenga timalemba tonse ta pabolodi, kamodzikamodzi, manja nditawapinda kumbuyo.