Ndinachapa nsanza za a Saidi

Mpaka lero kuno ku Kanjedza ndikangoyandikira galimoto, anthu amakuwa, "Agwireni manja agogowo!" Ndiye imvani kwa mwiniwakene, osati kwa amiseche.

Malemu amuna anga anasiya chigalimoto chakalekale, chija chosintha chokha magiya. Mdzukulu wanga Tadala analumbira kuti pa ukwati wake adzapita kutchalitchi pa galimoto ya agogo akeyo, apo ayi adzayenda wapansi. Koma makoswe anali atatafuna mawaya pansi pa chiwongolero. Tinaitana a Saidi, makanika wa ku Limbe. Linali Lachisanu, ukwati mawa lake.

Analowetsa mutu pansipo, n'kusolola mawaya anayi, onse akuda bii ngati ana a mimba imodzi.

"Mayi, onani," (amalankhula pang'onopang'ono ngati akulengeza maliro) "awiriwa ndi oletsa galimoto kulira giya ili mkati. Enawa ndi a magetsi a rivesi. Onse amakumana pa kaswichi kamodzi."

Ine, "Eee, eee, ndamva!" Ndinamva chiyani ine wa sitandade ziro?

Atawayeza ndi kababu, anamanga tinsanza pa awiri oletsawo kuti asawasokoneze. Anazula batire kukatchajitsa, n'kuthamangira ku mzikiti.

Ine ndi ndowa yanga, ndati ndikolope galimoto ya mkwatibwi. Kusuzumira pansi paja, mayo! Nsanza za oilo lendelende! Apongozi ake a Tadala ndi a ku Mandala inu, anthu opukuta ndi zitseko zomwe. Ndinamasula, kuchapa ndi sopo, kuyanika pampanda. Zitauma ndi pamene mtima unati phaa: zija si zinali zizindikiro? Ndabwerera, mawaya anayi angondiyang'ana. Ndinasankha awiri amene ankaoneka aulemu, n'kumangapo bwinobwino.

A Saidi atabwera analumikiza motsata nsanzazo. "Batire ndibwera nayo m'mawa, mayi." Ine pakamwa tsekee (koyamba chibadwire).

Loweruka, bwalo ladzaza, nthungululu lililili! Tadala wakhala kumbuyo ndi velo yake. A Saidi kupotokola kiyi: zii. Kupotokolanso: zii.

Mayi ake a Tadala ali, "Bambo Saidi, nanga magetsi akumbuyowa ayakiranji galimoto itangoima?"

A Saidi, "Ayaka?"

Dzanja lina lili pa kiyi, linalo anayamba kugwedeza giya. Itangogwera pa rivesi, vruuuu! Chigalimoto chija chinadzuka ngati chalumidwa ndi mavu, ulendo chambuyo! Azimayi balala! Kumbuyoko kunali mgolo wa thobwa, ndipo pambali pake panaima ankhoswe, mu suti yobwereka. Guu! Khwaaa! Thobwa thupi lonse, bambo aja anangotsala maso okha.

Tadala akulira, "Agogo, ukwati wanga!"

A Saidi anazimitsa, kulowanso pansi paja, n'kutuluka ndi kansanza kamodzi. Anakanunkhiza. Anakanunkhizanso.

"Nsanza zanga sizinanunkhirepo sopo. Ndipo mfundo iyi ndi ya duku."

Maso onse pamutu panga.

Ine, "Mwina makoswe aja."

"Makoswe ochapa, mayi?"

Ndinaulula, ankhoswe akudontha pambali pangapo. A Saidi sanakalipe. Anangoti, "Khalani apo, manja pamiyendo." Anayezanso ndi kababu kaja, kusinthanitsa mawaya, galimoto n'kulira mwaulemu giya ili pa fili, yosalowa.

Tadala anafika kutchalitchi pa galimoto ya agogo ake ndithu, mochedwa, kumbuyo kutaphwanyika, njuchi zikutiperekeza kuchokera ku Kanjedza mpaka pakhomo la tchalitchi. Njira yonse anandigwira dzanja. Ndinkati ndi chikondi, chonsecho ankaopa ndingagwire china.

Ndaphunzira, ana inu: za amisiri sagwira. Komabe tinene zoona. A Saidi akanamanga nsanza zoyera, ndani akanazichapa?