Dona Ursula ndi Chibale Chawo Chovula

Mulungu andikhululukire, sindikonda kunena akufa, koma Dona Ursula Penhallow chibale ankachiyesa chovala: kukatentha ankavula. Ndinawapesa tsitsi zaka makumi awiri kunyumba yachifumu, ndiye ndikudziwa.

Chomwe ankachisamala kuposa moyo chinali malo awo pamzere wa madona otsatira Mfumukazi polowa m'tchalitchi. Anali achinayi. Anaika m'manda amuna atatu kuti afike pamenepo, aliyense waudindo kuposa mnzake.

"Iwe Tamsin," ankandiuza, "mwamuna mmodzi yekha, n'kumamulira mpaka lero? Unapindulanji?"

Bwana Cuthbert Ashby atakwezedwa, Dona anamukumbatira pakhonde. "Msuweni! Paja agogo athu anayamwa bere limodzi!"

Patapita miyezi isanu, bwanayo anatsekeredwa m'ndende.

"Adona, msuweni wanu uja..."

"Msuweni wa ndani? Bere lija linali la mlezi waganyu. Tapesa tsitsilo."

Kenako mwana wawo mmodzi yekhayo, Lettice, anakwatiwa mobisa, osapempha chilolezo cha Mfumukazi monga atsikana a m'nyumba yachifumu ankayenera kuchitira. Mfumukazi inamuthamangitsa, n'kuitanitsa mayi ake pamaso pa tonse. Aliyense ankadziwa kuti akangomupepesera mwanayo, malo achinayi aja apita.

"Ursula, ameneyu si mwana wako?"

Dona anagwada mpaka mawondo kulira. "Ndi mwana wa malemu mwamuna wanga wachiwiri, Amfumukazi. Ine ndinangomubereka."

Mfumukazi inaseka, malo n'kupulumuka. Lettice anamva zonse ali kuseri kwa chitseko, ndipo sanawalemberenso kalata.

Madona ankati mtima wawo ndi mwala. Mwina. Koma chisanu chikamayandikira, ankandituma kukapereka timalaya ta ana kwa wangolo wopita kumpoto, kumene Lettice ankakhala. Kasokedwe kake kanali komvetsa chisoni, dzanja lina lalitali, lina lalifupi.

"Ukaulula kuti ndasoka ndine, ndikumeta mpala."

Anamwalira akadali achinayi. Pamaliro Lettice anabwera ndi ana atatu, n'kuima pakhomo. Madona anayang'anana: akhale kutsogolo ngati mwana, kapena kumbuyo ngati wothamangitsidwa? Munthu yekhayo amene akanadula nkhaniyo osaphethira anali m'bokosi. Ndinangosendera, n'kuwaitana pabenchi langa.

Masiku ano mzere umalowa mwakachetechete. Palibe wopondedwa chovala, palibe wogundidwa ndi chigongono. Abusa akuti m'tchalitchi mwabwerera ulemu. Ine ndimangomva kuti mwazizira.