Nyimbo Yokana Chidindo

Lolemba
Loweruka ndikuimba koyamba pagulu, m'holo ya pa boma! Zilipo: kiyibodi ya mabatire yochokera ku Tanzania, yomenya yokha ng'oma ukadina batani, mawu anga, ndi a Mwalwanda ndi lipenga lawo la sakisofoni. Anaphunzira jazi ku migodi. Chibwerereni zaka khumi zapitazo, amaimbira ng'ombe zawo ku Kaporo basi. Mano atsala ochepa. Ndawalonjeza kuti anthu awamva mano asanathe.

Lachiwiri
Chilolezo. A tcheyamani a chipani akufuna makhadi achipani, mawu onse a nyimbo papepala, komanso amve nyimbo kaye ndiye adinde. Ndikuvomera zonse mogwada. Mawondo ndiwo akung'ung'udza.

Lachitatu
A tcheyamani abwera kudzamva. Kiyibodi ikugunda, a Mwalwanda atseka maso, lipenga likuyenda njira zake, ine pambuyo. Tsitsi kuchita nyaunyau! A tcheyamani phazi likuwagwedera pansi pa tebulo, ndaliona ndi maso anga. Akuti abweranso mawa ndi chidindo.

Lachinayi
Kalanga ine. Ali ndi khutu munthuyu! "Iyi si nyimbo ya dzulo ija." Ndikufotokoza kuti jazi ndi choncho, woimba amapeka pomwepo. Nkhope yasintha. "Ndiye ndidinda iti? Nanga Loweruka likanena zina lipengali, akafunsidwe ndani?" Sindikuwada. Nawonso ali ndi ana.

Lachisanu
Ndapempha a Mwalwanda abwereze ndendende. Ayesa kasanu, zatuluka nyimbo zisanu. "Mwana gwangu, ngakhale mtsinje wa Rukuru sudutsa pomwe unadutsa chaka chatha." Chidindo chagwa: kiyibodi inde, ine inde, lipenga ayi. Akuti makinawo ali ndi mwambo. Ndinayenera kunena kuti popanda a Mwalwanda sindiimba. Sindinanene. Manyazi akundidya.

Loweruka
Holo yadzaza! Ndikuimba zapapepala, osaphonya ngakhale mpumiro. Pakati, pamalo pa a Mwalwanda, ng'oma ikungogunda yokha, ine chilili ngati mtengo wa mbendera. Anthu m'manja phwaphwaphwa, kuombera batani! Mkuluyo ali pabenchi lakumbuyo, bokosi la lipenga pamiyendo, maso otseka.

Lamulungu
Kiyibodi aibwereka a tcheyamani, kuli msonkhano. Ipite, sidzawavutitsa. Ndapalasa njinga mpaka ku Kaporo kukapepesa kwa a Mwalwanda. Ndawapeza kukhola, akuseka. Akuti dzulo anaimba mbali yawo yonse, zala pabokosi, ndipo sanaimbepo bwino chonchi.

Ndawapempha andiimbire. Akuti siingabwerenso.