Kubadwanso kwa a Khanda

Ometa tsitsi a pakhonde la sitolo ya nsalu aja anabadwa kambirimbiri kuposa munthu aliyense mumsewu wonse, n'chifukwa chake anthu ankawatcha a Khanda ngakhale mutu unali imvi zokhazokha. Akalakwa chilichonse ankangosamba kumaso, kuvala malaya ena, n'kulengeza kuti abadwanso.

Tsiku lina makina ometera anawapulumuka n'kulambula njira pakati pa mutu wa aphunzitsi. M'mawa mwake aphunzitsiwo anabwera atavala chipewa, maso ali psuu.

"Taonani zimene munandichita!"

"Iii, munthu uja analidi wosasamala," anatero a Khanda. "Mwamwayi kulibenso. Ine ndabadwa lero lomwe."

Abusa nawo anayesa kuwawongola ali pampando wometera. "Bambo, kubadwanso n'kusintha mtima, ndipo kumachitika kamodzi."

"Abusa, mukamati mudyanso, mumadya kamodzi n'kulekera pomwepo? 'Nso' alibe malire. Taweramani pang'ono."

Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti. Amene sankaseka ndi akazi a ometawo, omwe ankasoka zovala pakhonde lomwelo. Zaka makumi atatu anakhala ndi amuna oposa zana m'thupi limodzi. Amene anagulitsa wailesi yawo anali wina. Amene anachezera kumowa mwana woyamba akubadwa analinso wina. Mayiwo sankafuna wailesi ina ayi, ankangofuna kumva pepani, koma wolakwayo nthawi zonse ankakhala atachoka dzulo. Anatopa, ndithu anatopa nazo.

Matenda a shuga atawagwetsa a Khanda, mayiwo anatseka makina n'kukawadikirira kuchipatala. Tsiku lachitatu akuwapukuta thukuta, mayiwo anawachonderera.

"Inu, tabadwaninso kamodzi kokha. Ulendo uno sindidandaula."

A Khanda anawayang'ana n'kunena kuti, "Ndatopa nako, mayi a ana. Zonse zija ndinali ine ndemwe. Pepani."

"Zaka zonsezi, mukanene lero?" Mayiwo anakalipa, n'kutuluka kukalirira panja. Pobwerera anapeza anamwino akukoka katani kuzungulira bedi.

Masiku ano pakhonde paja pali wometa wina, waulemu wake. Akalakwitsa amapepesa msangamsanga, ndipo anthu amameta n'kumapita osaseka. Msewu wonse unangoti zii. Mayiwo amapalasa makina awo osadzutsa mutu mpaka kuweruka. Pepani uja anamumva ndithu, koma a Khanda anapita asanamve yankho, chonsecho linali lokonzeka kalekale.