Kuseri kwa Nsalu ya Ndege

Lolemba

Ndine mkazi wa wojambula zithunzi, koma chithunzi changa ndilibe. Komboni yonse ya Mtendere yadutsa mu situdiyo yathu, ndi mbuzi ya Ba Sakala yomwe. Ine yanga ndi kusita nsalu ya kumbuyo, kudzoza ana mafuta kumaso ndi kubwereketsa jekete.

Amayi ku Dedza maso akuchita mdima. Atuma mawu kuti akufuna kundiona asanathereretu, poti chichokereni ndili mtsikana sitinaonane. Amayi Asiyatu, aja amakaoda nsomba zouma ku Malawi, anyamuka Lamlungu ndipo avomera kunditengera chithunzi.

Lachisanu kuli ntchito yaikulu. Fakitale ina yagulitsidwa, ndipo onse ochotsedwa ntchito akufuna chithunzi chimodzi asanabalalike. Amuna anga, bambo a Limbani, alonjeza kuti kumapeto kwa filimuyo ndi kwanga. "Osavutika mtima, filimu ni itali."

Lachiwiri

Ku salaula, msika wa kaunjika. Ndapeza:
diresi lobiriwira, batani limodzi palibe
nsapato zofiira, zothina pang'ono
lamba (ndabweza, akununkhabe mwini wake)

Ndikuyeserera kumwetulira pagalasi. Limbani akufunsa ngati dzino likundiwawa.

Lachitatu

Situdiyo yathu imalowa banja limodzi, lopanda apongozi. Anthu a kufakitale ndi odzaza minibasi ziwiri. Bambo aganiza zotulutsa nsalu panja, ija yojambulidwa ndege ndi nyumba zosanjikizana. Anthu ochotsedwa ntchito kutsogolo kwa ndege! Ndanena, andikumbutsa kuti ya mathithi ija makoswe adadya.

Ndakabwereka mabenchi kutchalitchi. Pobwera ndapeza bambo akujambula munthu wofuna chiphaso. Waphethira, abwereza, waphethiranso. Filimu yomwe ija.

Lachinayi

Tsitsi ndawongola ndi chipeso chamoto. Khutu lapsa, koma tsitsi lagona.

Ba Mwanza, amene anali kapitawo, abwera kudzaona malo. Akufuna adzakhale pakati. Anzawo akuti fakitale inapita ndi ukapitawo womwe. Bambo awajambula paokha kuti mtima utsike, kenaka ndi jekete, kenaka atagwira lamya yathu yopanda chingwe.

Ba Jeni a muofesi aona diresi langa pachingwe, ayesa ndi la situdiyo. Bambo avomera ndisanatsegule pakamwa. "Bavala chabe pang'ono, bazakubwezela." Ndakwiya, koma kasitomala sakanizidwa chovala pano. Lamulolo ndidaika ndine.

Lachisanu

Mphepo ya Ogasiti, fumbi mpaka m'mano. Misomali yalephera, nsalu ikufuna kunyamuka ndi ndege yake. "Amake Limbani, gwilani kumbuyo." Ndakwera pa diramu kuseri, manja m'mwamba, nsapato zofiira zikundiluma.

Sindikuona kanthu, ndikungomva. Mabenchi kukokedwa. "Ba Mwanza, chosani chipewa, mwabisa munthu." Wina wayamba nyimbo yomwe ankaimba poweruka, onse alandira, kenaka zii. Wina akufwenthera. Ambiri mawa akubwerera kumudzi. Nanenso misozi yatsika, ndipo chopukutira ndilibe chifukwa manja onse ali pansalu.

Abwereza chifukwa cha fumbi. Abwereza chifukwa cha galu. Abwereza chifukwa Ba Jeni anatsinzina mu diresi langa. Nditatsika, bambo akukoka kachitsulo ka kamera, kakukana. Filimu yatha. Sakundiyang'ana kumaso.

Loweruka

Bambo alawirira m'tauni kukatsukitsa zithunzi. Abwera madzulo ndi filimu yatsopano, ati ndivale andijambule. Otsuka atseka kale mpaka Lolemba. Ndawauza kuti akajambule mbuzi ya Ba Sakala.

Chithunzi cha gulu chatuluka bwino, chilungamo ndinene. Pamwamba pa nsalu, chapamchira pa ndege, pali zala. Zanga. Ngakhale chaching'ono chokhota chija, chimene ndidadzisinja ndi musi ndili mwana, amayi nkundimanga ndi kansalu ka mpango wawo.

Lamlungu

Diresi labwera likununkha mafuta a Ba Jeni. Tsitsi labwerera mwakale. Khutu likadali ndi bala.

Ndatenga chithunzi chimodzi cha gulu, ndapatsa Amayi Asiyatu. Ayang'ana nkhope zonse, akundifunafuna. Ndawaonetsa. Ndawapempha kuti akafika akagwire chala cha amayi, akachiike pamwamba pa mchira wa ndege, akawauze kuti ndili pamenepo, ndipo ndili bwino.