Ndakatulo ya a Mbewe Sikulowa

Lolemba

Lero ndine mkonzi. Ine, wolekeza Sitandade faivi, wokalambira m'chigafa ndi fumbi la fodya m'chifuwa. Mkonzi!

Andisankha ndi Mayi Nyirenda, aphunzitsi a kusekondale paboma, kwawo ku Rumphi. Ayambitsa magazini ya ndakatulo ndi nthano, dzina lake Mphepo ya Kumalire. Si ya pepala ayi. Imakhala m'kompyuta, pa intaneti, ndipo akuti munthu wa ku Chipata ngakhale wa ku Joni angathe kuiwerenga osaigwira. Iwo azitaipa, ine ndizisankha zoti zilowe, poti Chichewa chawo akuti n'cha m'kalasi, changa n'choyamwira.

Andipatsa katoni ya sopo yodzaza mapepala. Ndakatulo za Edzi, za njala, za amayi, za Edzi kachiwiri. Ndipo pansi penipeni, papepala long'amba m'kope, dzina: Layisoni Mbewe.

Ndaseka ndekha mpaka nkhuku zathawa pakhonde.

Ndilembe kuti ndisaiwale, ngakhale sindinaiwalepo. Tsiku lotsegulira tchalitchi chathu, nthawi ya chipani chimodzi, ine ndiye ndinayenera kulakatula pamaso pa ambuye bishopu. Ndinaloweza mpaka kumalota. Ndinabwereka jekete. A Mbewe anapempha "mawu awiri okha" ndisanayambe ine, nagwira chimkuzamawu, nalakatula zawo mpaka mvula inagwa. Anthu balala. Ine chiimire, m'jekete ya eni, yonyowa. Mpaka lero kumudzi kuno akati mlakatuli, ndi a Mbewe. Ine amangoti "madala aja olembalemba".

Pulani:
— Yanga, "Mtsinje wa Bua", ikhale yoyamba. Ndime zonse.
— Za aphunzitsi ndi manesi zitsatire.
— Ya a Mbewe: AYI.

Lachiwiri

Kuzizira. Ndakhala padzuwa ndi katoni yanga, bolopeni yofiira m'manja.

Nesi wina wa paboma walemba za chikondi masamba ambirimbiri, mutu wake m'Chingerezi. Ilowe, sanandilakwire. Kalaliki wa kumalire walemba nthano ya munthu wozembetsa shuga, ikuoneka kuti ndi iye yemwe. Ilowe.

Ndawerenga ya a Mbewe kuti ndiipeze zifukwa. Ikukamba za njinga yakale imene ikukana kufa. Za njinga! Munthu wa imvi mutu wonse.

Zolakwa zake:
— Dzanja loipa, ngati papalasa nkhuku.
— Papepala pali mafuta a usipa.
— Mutu wake ndi waufupi.
— Ndime yachitatu ndi yabwino. Ichi chandiwawa kuposa zonse.

Estere, mwana wanga, wasuzumira akupita kuchigayo. Akuti, "Atate, mukukumbukira kuti a Mbewe ndi adzukulu athu?" Ngati ndingaiwale! Banja lawo ndilo limakumba manda a banja lathu kuyambira makolo. Osambitsa maliro ndi iwo, onyamula ndi iwo, okwirira ndi iwo. Mayi ake a Estere anaikidwa ndi manja a Layisoni yemweyo. Ndipo mdzukulu sakanizidwa kanthu. Akalowa pakhomo n'kugwira tambala wako, umaseka, mtima ukuwira.

Koma zimenezo n'za atambala. Ndakatulo si tambala. Ndamuuza Estere kuti pa intaneti palibe adzukulu. Wangosenza thumba lake.

Lachitatu

A Mbewe abwera okha, panjinga yomweyo ya m'ndakatulo, ikulira ngati mbuzi yomangidwa. Sanaodire. Athyola nzimbe yanga kuseri, akhala pampando wanga, ine pamtondo.

"A mkonzi! Simunafebe?" Ndiwo moni wawo masiku onse.

Ndinakonzeka kunena kuti ayi. Ndinayeserera m'mawa kudimba, mawu amatuluka bwinobwino. Koma pamaso pa munthu wamkulu, mdzukulunso, pakamwa pakana. Ndiye ndabwereka mawu amene a nyuzipepala akhala akundiyankha ine zaka zonsezi. Manja pamodzi, mwaulemu: ndakatulo yanu ndi yokoma, a Mbewe, koma malo atha.

Atafuna nzimbe nthawi yaitali. Alavula. Akuti, "Pepani, a mkonzi. Vuto la malo lakula masiku ano. Ngakhale kwathu kumanda kuja, miyala yokhayokha."

Apita ndi nzimbe yachiwiri.

Ndapambana!

Lachinayi

Paboma. Wakabaza wandigwedeza mafupa njira yonse. Kachipinda ka makompyuta kali kuseri kwa sitolo ina, kodzaza ndi amalonda a kumalire osuzumira magalimoto a ku Japani amene sadzagula.

Koyamba kuiona magazini yanga. Kabokosi kagalasi, zilembo ngati nyerere. Ndafunsa kuti masamba alipo angati. Mayi Nyirenda aseka.

"Agogo, muno malo satha. N'chifukwa chake ndinadabwa a Mbewe atabwera m'mawa uno kudzadandaula."

Afika kale! M'mawa! Panjinga ija!

Ndati ndionetseni pothera. Akupukusa kanthu ndi chala, tsamba likungotsika, likungotsika, ngati chitsime chopanda pansi. Ndati ndiye ikani malire. Boma lonse lino n'la malire, magazini yokha ndiyo ikhale yopanda? Akuti mkonzi ndinu, mukakana mwakana, koma mukane ndi pakamwa panu, musanamizire kompyuta. Kulankhula n'kosavuta ukakhala kuti manda ako ali ku Rumphi.

Kenaka magetsi azima. Chipinda chonse, "Aaa!" Ine ndekha ndathokoza.

Ndikufika kumudzi, kulira. Msuweni wanga Yohane, amene wadwala chaka chonse, watisiya masana. Mulungu amulandire. Koma iwe Yohane, chaka chonse unali nacho, wasankha sabata ino?

Lachisanu

Sindikufuna kulemba za lero. Ndilemba.

M'mawa kumanda. Adzukulu afika onse, makasu, mapiki, zingwe. Malo tawalozera. Sakukumba. Akhala pansi pa mtengo, akupichira chingambwe. Dzuwa likukwera. Kusiwa amayi atha nyimbo zonse, ayambiranso zoyamba.

Achimwene ake a Yohane, mwini mbumba, apita kukafunsa. Nkhuku? Yaperekedwa. Thobwa? Wafika, ndowa yonse. Nanga chavuta n'chiyani?

A Mbewe, chipewa kumaso: "Malo atha."

Thengo lonse lija, lofika mpaka kudambo, malo atha! Adzukulu anzawo akupukusa mitu ngati zawamvetsa chisoni. Wina akuti, "Kafunseni a mkonzi, odziwa za malo ndi iwowo."

Maso onse kwa ine. Anthu amene sanaonepo kompyuta, osadziwa kuti magazini amadyera kapena amafunda, akundinong'oneza mwaukali: "Madala, avomereni, maliro awonongeka!" Achimwene ake a Yohane andikokera pambali, misozi ili m'maso. Akuti kaya n'chiyani chimene mwawamana, apatseni, ndidzakubwezerani ine. Adzandibwezera chiyani?

Ndaimirira pakati pa mitumbira, chipewa m'manja, ndanena pagulu: ndakatulo ya njinga ilowa.

A Mbewe: "Poyambirira?"

Poyambirira.

Sindinaonepo manda okumbidwa msanga chotere. Okongolanso, m'mbali mosalala ngati khoma lozira. Ntchito zimaidziwa, zigawenga zimenezi.

Yohane wagona bwino. Ine ayi.

Loweruka

Paboma kachiwiri. Magetsi alipo, mwatsoka.

Ndapereka zosankhidwa. Ya njinga pamwamba. Yotsatira "Mtsinje wa Bua", yolembedwanso mwaudongo papepala loyera mbee, lopanda usipa. Mtima unati ngakhale pachiwiri, bola ilowe, anthu adziweruzire okha.

Mayi Nyirenda aiwerenga yonse, milomo ikuyenda. Aibweza ndi manja awiri. Akuti ndi yamphamvu, agogo, koma mkonzi saika zake m'magazini imene akukonza yekha, anthu angati wadzikondera. Akuti ndiwo mwambo wa magazini kulikonse.

Mwambo! Dzulo mwambo wa kumanda, lero mwambo wa kompyuta. Yonse ikudya munthu mmodzi.

Ndati si paja malo satha? Akuti, "Malo alipo, agogo, koma si a mkonzi." Anena akumwetulira. Aulemu zedi, mayi amenewa. Mpaka andigwirira chitseko.

Zimene ndapata pa ukonzi:
— Dzina langa pansi penipeni, pofika pake chala chitawawa ndi kupukusa kanthu kaja.
— Botolo la chakumwa, chofunda.
— Katoni ya sopo. Akuti ndisunge.

Ndafunsa kuti akuwerenga ndani. Ayang'ana m'kabokosi. Akuti pakadali pano mchimwene wawo wa ku Mangalande, ndi wina wosadziwika, mwina anangosochera.

Lamulungu

Poti kuno kompyuta kulibe, aphunzitsi asindikiza tsamba loyamba papepala, ndipo wina walimata pachitseko cha tchalitchi. Loyamba lokha. Njinga.

Misa itatha, akatekisiti apempha "mlakatuli wathu" kuti atimvetse zimene dziko lonse likuwerenga. Dziko lonse! A Mbewe alakatula osayang'ana papepala. Pa ndime yachitatu amayi aimba nthungululu. Estere nayenso. Ine ndayang'ana nsapato zanga.

Panja anthu pamzere kudzandigwira chanza. "Mwasankha bwino, a mkonzi." "Muli ndi khutu, madala." "Ena akanaika zawo." Abambo ansembe akuti ndine chitsanzo cha kudzichepetsa, adzanditchula mu ulaliki.

Ndati zikomo. Kwa aliyense zikomo.

Masana ndatenga "Mtsinje wa Bua" kupita nayo kudimba. Ndakwera pachulu, ndatsokomola, ndayamba ndime yoyamba mokweza. Mpiru wamvetsera. Pakati ndapuma, mwendo unachita dzanzi. Ndapitiriza. Koyamba m'moyo wanga ndafika nayo kumapeto popanda wondidula.

Ndi yaitali. Ndi yaitali ndithu.