Nkhope ya Olemekezeka pa Chitenje cha Mkazi wa Mphwanga

Kwa Olemekezeka Aphungu a dera la Ntcheu Kuseri kwa Phiri,

Bwana,

Ndagwada, chipewa chili m'manja. Ine ndine Maynard Ngozo, mlimi wa kachewere kuno kufupi ndi Lizulu, komanso woliza belu ku tchalitchi chija munadzapempherako nthawi ya kampeni. Mwina simungandikumbuke, chifukwa pamene munkandipatsa moni wa m'manja, maso anu anali kwa wojambula. Sindikudandaula ayi. Kufewa kwa dzanjalo ndinakumva, ndipo ndinakawauza amayi kunyumba kuti kunja kuno kuli manja amene sanaonanepo ndi khasu.

Chandilembetsa ndi banja la mphwanga Chrispin ndi mkazi wake Janeti NaNyoni. Ine ndine nkhoswe ya kuchimuna. Banjali latsala pang'ono kutha, ndipo pofufuza tapeza kuti muli munthu wachitatu. Pepani mawu, Bwana, munthuyo ndinu. Musadzidzimuke, palibe wanena kuti munakhudza mkazi wa mwini, poti Janetiyo simumudziwa n'komwe. Ndiloleni ndifotokoze bwinobwino, ndipo ndiyambe ndi zothokoza, monga mmene anatilelera makolo.

Choyamba, zikomo chifukwa cha ulaliki. Abusa anakupatsani mpata woti mungopereka moni kwa mpingo, ndipo inu mwa kuwolowa manja kwanu munaupereka moniwo mpaka ana anayamba kulira njala, ulaliki wa abusa n'kusanduka pemphero lotsekera. Munatiphunzitsa kuti banja ndilo maziko a dziko, kuti mwamuna mmodzi ndi wa mkazi mmodzi, ndiponso kuti tikakutumizaninso ku nyumba ya malamulo mukatchinjiriza mabanja achikhristu ku mphepo zoipa zochokera kunja. Ine ndinafuula ameni wamphamvu mpaka amene ndinakhala nawo pafupi anasendera. Sitinkadziwa kuti mphepoyo inali panja m'galimoto mwanu, itamangidwa m'mitolo.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha zitenje zimene anyamata anu anagawa pakhomo pa tchalitchi. Nsaluyo ndi yabwino, yolimba, yosasuluka. Pakati pake pali nkhope yanu yaikulu ngati lichero, ikumwetulira, dazi lili ng'aning'ani, ndipo pansi pa chibwano pali mawu anu aja akuti NDINE WANU. Tikudziwa chimene munkatanthauza, kuti ndinu wathu, mwana wa konkuno. Koma amene anakusindikizirani nsaluyo sanafunse mzimayi ngakhale mmodzi mmene chitenje chimamangidwira. Mayi akachimanga m'chiuno, nkhope yanu imakathera kumbuyo, pokhalira penipeni. Zikatero mawu aja sakhalanso anu, amakhala a mwini malowo.

Janeti amagulitsa kabichi ndi anyezi pa Lizulu, moyang'anizana ndi pamene mwamuna wake amaunjika kachewere. Ndi mwana waulemu, wa kwaya, koma Mulungu pomuumba sanaumire dothi. Akawerama kuti amusankhire kasitomala kabichi, inu Bwana mumatambasuka, masaya kufufuma, n'kumamwetulira msewu wonse mpaka tsidya la Mozambiki. Anyamata a kabaza, amene ambiri anathawa sukulu, pano akonda kuwerenga. Amawerenga mokweza, lemba ndi lemba. Madalaivala a mathiraki nawo amaliza hutala n'kuyankha kuti iwonso ndi ake. Apa ndikuthokozeni mwapadera, chifukwa zimene aphunzitsi analephera ndi ndodo, inu mwazitha ndi chitenje chimodzi.

Chachitatu si chothokoza kwenikweni. Chrispin si munthu wa ndale. Chipani chake ndi mtengo wa feteleza. Anapirira kwa kanthawi, kenaka anauza mkazi wake kuti chitenjecho chizitsala kunyumba. Janeti anamvera monga mkazi wachikhristu. Poti inali nyengo ya chisanu, ndipo chisanu cha kuno mukuchidziwa ngakhale mumachimvera m'galimoto, anachiyala pamwamba pa bulangete. M'mawa mwake mphwanga anandipeza kudimba maso ali psuu. Anati, "Malume, ndipirire mpaka pati? Kumsika akundiseka, kunyumba ndikalowa kuchipinda ndikupeza bambo wina wagona kale pamalo panga, nayenso akundiseka."

Tinakhala pansi ndi a Hilary, nkhoswe ya kuchikazi. Chrispin anati chitenjecho chiwotchedwe. Janeti anagwada bwinobwino n'kuti, "Amalume, afunseni ana anuwa kuti chitenje chomaliza anandigulira liti. Chija cha pa chinkhoswe chinatha mpaka ndinachidula matewera. Bambo ali pansaluwa ine sindiwadziwa, koma ndi okhawo amene anakumbukira kuti ndimavala." Ine ndinabwera kudzaimira mphwanga, koma mumtima ndinadziwa kuti mwanayu akunena zoona, ndipo zinandichititsa manyazi.

Nkhani ikanathera pomwepo, chifukwa Chrispin anapita kukagula chitenje china cha maluwa. Janeti anayamba kuvala cha maluwacho, ndipo chanu chija anachisandutsa mbereko ya mwana wawo Tawina. Ife tinati zatheka. Komatu khandalo lilibe tsitsi, monga makanda ambiri, ndipo kamutu kake kakasuzumira pamwamba pa dazi lanu, anthu a pamsika anayamba kuyang'ana mmwamba, kuyang'ana m'munsi, n'kumati magazi sanama. Zinali nthabwala chabe. Koma tsiku lina atakangana, Chrispin anazibwereza nthabwalazo pamaso pa apongozi ake. Janeti anatenga mwana n'kupita kwa amayi ake ku Mlangeni, ndipo mpaka lero ali komweko. Anapita atakuberekani kumbuyo, Bwana, ndipo a Hilary akuti zimene khandalo limakuchitani tsiku ndi tsiku n'zosayenera kulembedwa m'kalata yaulemu. Akulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya, sanatchule zinazi.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha malata amene munalonjeza kuti mudzafolerera tchalitchi chathu. Sanafike, koma ayamba kale kugwira ntchito. Titatengera nkhaniyi kwa akuluampingo, bwalo linagawikana pawiri ngati tsiku la mavoti. Amene akudikira malatawo anati chitenjecho ndi mdalitso, ndipo mdalitso sawotcha. A chipani chopikisana nanu anati ndi fano, lichoke m'nyumba ya Mkhristu. Mkulu wina wofuna mtendere anati Janeti azichivala mozondotsa kuti mawu asamawerengeke, koma wapampando wanu wa kuno, yemwenso ndi msungichuma wa mpingo, anadzambatuka n'kunena kuti Olemekezeka sangayende mutu uli pansi iye ali moyo. Za Janeti ndi Chrispin anthu anaiwala, n'kuyamba kukumbutsana za mlatho umene munatilonjeza kalekale. Abusa anayang'ana kudenga kumene kumaoneka nyenyezi masana, anayang'ana pazenera pamene amayi busa ankasesa atavala chitenje chomwecho, n'kunena kuti nkhaniyi ndi yofunika kuipempherera. Tikuipemphererabe.

Bwana, ndaseka mokwanira, tsopano ndinene zondipweteka. Ana awiriwa amakondana. Ndinawaimira ine pa guwa, ndipo ndinalonjeza pamaso pa Mulungu ndi mpingo kuti banjali silidzafera m'manja mwanga. Chrispin waonda, kachewere akukumba yekha, nyumba ili zii. Akuchikazi anena poyera kuti akamaliza kukolola iye asanabwere kudzapepesa, adzatiitana kuti timusudzule mwana wawo. Sindingawadzudzule, poti mawu amene anawamva aja ndi olemera. Chrispin akuvomera kuti analakwa, ndipo kukagwada ku Mlangeni sakukana. Chimene chikumumanga miyendo ndi pamsika. Akuti akangomutenga mkaziyo, anyamata aja adzati wabweza katundu wa Olemekezeka, ndipo iye sadzakwezanso maso pa Lizulu. Ndamuuza kuti imeneyo ndi nsalu chabe, kuti anthu ophunzira ngati inu saona vuto pa zoterezi. Wandiyankha kuti akufuna aone ndi maso ake.

N'chifukwa chake ife ankhoswe a mbali zonse ziwiri tagwirizana pempho limodzi laling'ono. Sitikupempha malata, sitikupempha mlatho. Chrispin ali ndi chithunzi chabwino chimene anajambulitsa pa ukwati, atavala jekete yobwereka, akumwetulira mano onse. Pa boma pali munthu wosindikiza nsalu amene wavomera kuchikulitsa kuti chifanane ndi chanu, ndi kulemba pansi pa chibwano mawu omwewo, NDINE WANU. Tikupempha modzichepetsa kuti amayi athu, akunyumba kwanu, adzavale chitenje chimenecho Lamulungu limodzi lokha, adzakhale mpando wa kutsogolo, ndipo potuluka adzadutsire pa Lizulu kudzasankha okha kabichi wa pansi, nthawi imene mathiraki amaima. Inu mudzangoima pambali n'kumamwetulira ngati mmene mumachitira pansalu paja. Chrispin walumbira kuti akadzaona zimenezo, tsiku lomwelo adzakwera kabaza wa ku Mlangeni, ndipo pamsika palibe amene adzamusekenso. Mudzakhala mutapulumutsa banja lachikhristu popanda kupita ku nyumba ya malamulo.

Chatsala ndi chinthu chimodzi chimene ife anthu wamba talephera kugwirizana. Ine ndimati amayiwo ndi aja munakhala nawo kutsogolo m'tchalitchi. A Hilary, amene amayendayenda ndi malonda a anyezi, akuumirira kuti ndi ena amene munawamangira nyumba ya mpanda ku Balaka. Sitikufuna kulakwira wina aliyense pomumana mdalitso. Choncho tiyankheni msanga kukolola kusanathe, Bwana: tisindikize chimodzi, kapena ziwiri?

Ine amene ndikanalemba kuti ndine wanu, koma mawuwo pano ndimawaopa,

Maynard Ngozo
Nkhoswe ya kuchimuna, woliza belu